Zenera likuchita thukuta, ndalama yanga akuikanira

Gama: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nyumba ndinaimaliza mu Meyi kuno ku Dedza, koma mwini wake akuti magalasi ndinaika molakwika. M'mawa uliwonse zenera la kuchipinda likumanyowa mkati, madzi kutsetsereka mpaka pa felemu, dzimbiri layamba kale. Putty womatira galasi ndayang'ana, alibe mng'alu.

Madala Phiri: Mvula yake iti mu Julayi muno? Akugonamo angati?

Gama: Bambo, mayi ndi khanda. Matewera akuyanikanso momwemo.

Madala Phiri: Ndiye mwadziyankha nokha. Madziwo ndi awo omwe. Munthu akamagona, mpweya umene akupuma umatuluka ndi chinyezi, ndiye onjezanipo matewera. Usiku wa ku Dedza galasi limazizira kuposa khoma, choncho chinyezicho chimakasanduka madzi pomwepo, ngati botolo la Fanta lochoka mufiriji. Maventi munaika?

Gama: Awiri, pamwamba pa zenera.

Nabanda: Achimwene, kwerani pampando mukawasuzumire. Ine popenta ndimawapeza atatsekedwa ndi makatoni kapena masokosi akale, ati kuopa mphepo. Musaiwalenso kuti pulasitala wa mu Meyi akadatulutsabe madzi. Mukasunthe wadiropu, mwina nkhungu yayamba kale kuseri.

Joe Welder: Angolowetsa mbaula usiku, muuma.

Madala Phiri: Ayi Joe, zimenezo ayi! Makala m'chipinda chotseka amapha, ndipo mpweya wake sununkha n'komwe. Muli khanda mmenemo.

A Gama, maventi onse ali khoma limodzi, ndiye mpweya ulibe njira yodutsa. Dulani chitseko kunsi pakhale mpata wa 1 cm, kapena boolani venti ina pamwamba pa chitseko. Kunja muikeko sefa, apo ayi adzatsekanso chifukwa cha udzudzu. Akadzuka azitsegula zenera ndi chitseko ngakhale mphindi 15, makatani atakoka, n'kupukuta galasilo. Matewera apite pakhonde.

Gama: Ndabwerako. Mayi Nabanda mwalasa: venti iliyonse inali ndi katoni ya sopo, yomata ndi selotepi. Ndachotsa, chitseko ndapala. Bwanayo akuti tione kaye sabata imodzi, akapanda kuona madzi ndiye alipira.

Nabanda: Mujambule maventiwo lero, ali otsegula. Kukazizira Lachitatu makatoni abwereramo.