Tinyama ta pakhosi pa a madala: ndidule kapena ndikane?

Wometa wa ku Matero, mu Lusaka: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi a madala a zaka 68 amene ameta kwa ine chitsegulireni shopu. Pakhosi pawo pamera tinyama tolendewera, tambiri ngati njere za mapira, kamodzi ngati nyemba. Kale tinali tiwiri, pano ndawerenga 9. Loweruka makina anakola kamodzi, magazi anatuluka mpaka thonje kutha. Iwo sanakwiye, angoti "mwana wanga, dula tonse ndi lezala, ndikuwonjezera ndalama." Ndawauza abwere Lachisanu. Mtima wanga ukukana, koma ndi munthu amene ndimamulemekeza ngati bambo anga. Ndiwayankhe chiyani?

Wometa wa ku Chawama: Musadule, mangani ndi ulusi patsinde. Kamauma n'kugwa kokha. Agogo anga ankatero.

Mayi wa saluni ku Kabwata: Ayi achimwene, ulusi ayi. Chaka chatha mayi wina anabwera kudzaluka, m'khosi atamangidwa ulusi ndi munthu wina. Malowo anali atatupa, akutuluka mafinya. Mayiyo anali ndi shuga, ndipo chilondacho chinatenga milungu kuti chipole. Mpaka lero ndikachikumbuka thupi limandizizira.

Wometa wamkulu wa ku Kamwala: Ana anga, ine ndagwira lumo zaka zoposa 30, ndipo makasitomala anga ndakalamba nawo limodzi. Khosi la mnyamata wa zaka 25 umalimeta ukuyang'ana mpira pa TV. La munthu wa zaka 60 si choncho. Khungu lake ndi lopyapyala, louma, limatsatira makina ukamakoka, ndipo ukalicheka silipola msanga. Njira yanga ndi iyi: musanayatse makina, pitani ndi chala pakhosi ponse ndi m'chibwano kuti mudziwe pamene tili. Kokani khungu ndi dzanja lamanzere, metani mozungulira, tsitsi lotsala pafupi ndi kanyama mudule ndi kasizasi. Lezala isayandikire. Ndipo magetsi akazima, musamete khosi la munthu wamkulu ndi kuwala kwa foni. Mutulutseni panja pa mpando, kapena adikire.

Mayi wa saluni ku Chilenje: Zikomo atate, mwanena zenizeni. Ndiwonjezereko, poti ndinagwirapo ntchito ya unamwino ndisanatsegule saluni. Ife tonse timangoti njerewere, koma ndi zinthu zosiyana.

Tolendewera ta a madalawo madokotala amati skin tag. Timamera pamene khungu limakhulana: pakhosi, m'khwapa, m'zikope, m'mphechepeche. Si khansa ndipo sitipatsirana. Koma m'kati mwa tsinde muli kamtsempha, n'chifukwa chake magazi anachuluka chonchija. Akuluakulu ambiri amamwanso aspirin kapena warfarin, ndipo magazi awo sagwirana msanga. Inu simungadziwe zimenezo pongomuyang'ana munthu. China chimene ndikufuna mumve bwino, achimwene: tinyama timeneti timakonda anthu onenepa ndi a shuga. Kuchoka pa tiwiri kufika 9 sikutanthauza kuti akudwala, koma ndi chifukwa chokwanira choti akayezetse.

Palinso timadontho takuda totukuka pang'ono m'masaya ndi m'mbali mwa maso, tija timachuluka mwa azimayi. Dzina lake ndi dermatosis papulosa nigra. Ndi ta ife anthu akuda makamaka, timayenda m'magazi a banja, timayamba munthu akadali wachinyamata n'kumawonjezeka ndi zaka. Ine ndili nato, amayi anga analinso nato. Abale ake ndi zigamba zofiirira kapena zakuda zooneka ngati wina wamata phula pakhungu, seborrhoeic keratosis, zimene zimayamba kuoneka munthu akapitirira zaka 40 kapena 50. Zonsezi si zoopsa, zimangochuluka ndi zaka.

Njerewere zenizeni, zokhakhala zija, n'zina. Zimabwera ndi kachilombo ka HPV, ndipo lumo likadutsapo limazifesa m'ndevu monse.

Wometa wa ku Chawama: Ndamva amayi. Nanga ngati si khansa, vuto lodula lili pati? Kuchipatala nakonso amangodula.

Mayi wa saluni ku Chilenje: Amadula, inde, koma atayamba aona kuti n'chiyani, ndi zida zophikidwa, ndipo ali ndi chotsekera magazi. Tina amawotcha ndi kachipangizo ka magetsi, tina amaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri. Ngakhale iwowo amasamala pa khungu lathu, chifukwa limasiya banga loyera kapena lakuda, ndipo ena amatupa chipsera chija cha keloid. Amene mumameta nkhongo mukuchidziwa.

Koma chimene chimandiopsa ine ndi kudula chinthu cholakwika. Mukachidula n'kuchitaya m'bini, dokotala adzayeza chiyani? Chotupa chimene chikukula msanga, chikusintha mtundu, chikutuluka magazi chokha osachikhudza, kapena chilonda chimene chatha mwezi osapola, chimenecho si chathu. Mabanga akuda ofiirira m'miyendo kapena kumaso akhoza kukhala khansa ya Kaposi sarcoma, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Inu okonza zikhadabo, yang'anani kunsi kwa phazi ndi pansi pa chikhadabo, poti khansa ya melanoma mwa anthu akuda imakonda kubisala kumeneko. Bob Marley inamuyamba pa chala cha kuphazi, anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Ndipo kasitomala wachialubino akakhala ndi kachilonda kouma pakhutu, pakhosi kapena pamlomo, musamuchedwetse ngakhale sabata imodzi. Ayambire ku kiliniki ya kwawo, akaona kuti n'kofunika amutumiza ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital chili pomwepo.

Wometa wamkulu wa ku Kamwala: Mwana wanga wa ku Matero, makina aja anakhudza magazi unawatani?

Wometa wa ku Matero: Ndinapukuta ndi spiriti, atate.

Mayi wa saluni ku Chilenje: Kupukuta kokha sikukwanira. Masulani mano a makina, tsukani magazi ndi tsitsi zichoke, kenaka muviike m'madzi a Jik, muumitse n'kuthira oilo kuti asachite dzimbiri. Tonse timaopa HIV, koma kachilombo ka chiwindi ka hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma masiku 7 kapena kupitirira.

Wometa wa ku Chawama: Za ulusi zija ndabweza. Ndinamangapo anthu awiri, sindidzachitanso.

Wometa wa ku Matero: Ndabwera ndi yankho. A madala anafika Lachisanu. Ndinawauza kuti, "atate, tsitsi ndi ndevu ndi zanga, koma tinyamati sindingadule, ndikuopa kukupwetekani." Ndinawafunsa za mankhwala, ndipo anati amamwa aspirin tsiku lililonse. Shuga sanayezetsepo chibadwire. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandipatsa foni kuti ndilankhule ndi mwana wawo wamkazi. Wati apita nawo ku kiliniki Lolemba m'mawa. Ndawameta ndi kasizasi monga munanenera atate a ku Kamwala, zanditengera nthawi yaitali koma palibe kamene kakoledwa. Mano a makina ndaviika kale.