Zotsatira za funso langa lokhudza mnyamata wa ku China amene ali ku Johannesburg

Miyezi ingapo yapitayo ndinafunsa mmene ndingathandizire mnyamata amene ndimagwira naye ntchito musitolo ina ku Johannesburg, yemwe anabwera yekha kuchokera kuchigawo cha Fujian ndipo ankasowa wocheza naye. Ambiri munandilangiza kuti ndimuperekeze ku Chinatown yakale ya mu Commissioner Street, koma kumeneko sanapindule kwenikweni, chifukwa mabanja akalekale a kumeneko makolo awo anachokera makamaka ku Guangdong, ndipo chiyankhulo chawo iye sachimva.

Anthu akwawo anakawapeza ku Cyrildene, mu Derrick Avenue, kumene kuli masitolo ndi malo odyera a anthu amene anayamba kufika m'zaka za m'ma 1990. Mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba atamva kayankhulidwe kake, anazindikira kuti kwawo n'kumodzi, ndipo tsopano amamuitana kudzadya ndi ana awo Lamlungu lililonse, chinthu chimene ine ndikuona kuti chamulimbitsa mtima kuposa malangizo onse amene ndinkamupatsa. Pa chikondwerero cha chaka chatsopano cha ku China anapita ndi banjalo kukachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit.

Chimene chikumudetsabe nkhawa ndi chilolezo chake chogwirira ntchito, chomwe chatsala pang'ono kutha, ndipo amuna a mayiwo akumuthandiza kukonza mapepala.