Kuphunzitsa a, an ndi the kwa ophunzira a ku Japan

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Ndili kuno ku Mzuzu ndipo ndimaphunzitsa Chingerezi pa intaneti kwa ophunzira awiri a ku Japan, koma timawu ta a, an ndi the tikuwavuta kwambiri, popeza Chijapanizi chilibe timawu totere, monganso Chichewa chathu. Kodi ndiwathandize bwanji m'malo mongowalowezetsa malamulo?

Mayi wa ku Chibavi:
Aphunzitsi, yesani njira ya cognitive linguistics, imene imayambira pa mmene munthu amachionera chinthu m'maganizo mwake. Akachiona chili ndi malire ake, chotheka kuwerengedwa, amati a chicken, kutanthauza nkhuku yathunthu yoyenda pabwalo. Koma malirewo akatha, monga nkhukuyo ikaduladulidwa n'kusanduka ndiwo, amangoti chicken. Ajambulireni zithunzi ziwirizi, chifukwa chooneka ndi maso sichiiwalika msanga.

Bambo wa ku Katoto:
Ndikugwirizana nanu mayi, koma the ndi nkhani ina, pakuti amasonyeza kuti womverayo akudziwa chimene mukunena, monga ife timanenera kuti "mwana uja". Yerekezerani ndi timawu ta m'Chijapanizi totchedwa "ga" ndi "wa": kawirikawiri ga amabweretsa chinthu chatsopano m'nkhani, pamene wa amatchula chodziwika kale, ngakhale kufananako sikokwanira.