Paini wa pa Mulanje: tingachekemo matabwa n'kubwezerapo mkungudza?

Nachisale: Akuluakulu, paini wa Pinus patula, amene kwawo ndi ku Mexico, adadzalidwa pa Chambe, pamwamba pa phiri la Mulanje, n'kufalikira yekha mpaka m'malo a mkungudza. Gulu likapatsidwa chilolezo cha a Forestry chomudula, kodi matabwa ake angagwire denga? Nanga titani kuti asamerenso?

Mmisiri_Likhubula: Mayi, amagwira, bola musachedwe. Chipika cha paini chikagona pansi kupitirira sabata ziwiri, makamaka nthawi yamvula, chuku chimalowa ndipo thabwa limatuluka ndi mawanga obiriwira. Mphamvu siichepa kwenikweni, koma mtengo wake pamsika umatsika. Chekani msanga, muunjike matabwa pamthunzi, masentimita 45 kuchokera pansi, pakati pake muziika timitengo touma ta mamilimita 25 pa masentimita 60 aliwonse. Timitengoto tiziyang'anizana kuyambira pansi mpaka pamwamba, apo ayi matabwa auma atapindika. Thabwa la inchi imodzi limatenga miyezi iwiri kapena itatu m'chilimwe, 2 by 4 ndi 2 by 6 kuposerapo.

Paini womera yekha amakhala ndi nthambi zambiri chifukwa palibe adamusadzira. Thabwa lokhala ndi mfundo yaikulu m'mphepete lisapite ku phaso, likathyokera pomwepo. Lapakati penipeni pa chipika limapotoka, lisiyireni ntchito ya shatala, matabwa ogwira konkire akamathiridwa.

Bambo Phiri: Achimwene mwaiwala chiswe. Paini si mkungudza, alibe mafuta aja othamangitsa tizilombo. Wa kudenga muviikeni akadali wamuwisi m'madzi a borax ndi boric acid, pafupifupi kilogalamu imodzi m'malita 10, kenaka mumuphimbe ndi pulasitiki kwa mwezi kuti mankhwala alowerere, ndiye muumitse. Mankhwalawa amasukuluka ndi mvula. Nsanamira yokwirira pansi imafuna mankhwala oteteza mitengo otchedwa CCA, olowetsedwa ndi makina. Oyilo wakutha wa galimoto amangodetsa pamwamba basi.

Mlonda_wa_Nkhalango: Funso lachiwiri ndiye lovuta. Chitsa cha patula sichiphukira ngati cha bulugamu, mukadulira m'munsi mwa nthambi zonse chafa. Mdani ndi njere. Zibalobalo zake zimakhala zotseka mumtengo kwa zaka, zikamva kutentha zimatseguka. Mukatentha zinyalala mutadula, mvula yoyamba paini amamera ngati nazale. Musatenthe, nthambi muziyale mopingasa chitunda kuti zigwire dothi.

Mbande za paini zulani ndi manja chaka ndi chaka dothi likadali lonyowa, zisanapyole bondo, kwa zaka zosachepera zisanu, chifukwa paini sachedwa kuyamba kubereka. Pamalo poyera pamathamangiranso minga ya Rubus ellipticus, iyo imafuna kukumba ndi mizu yomwe.

Mkungudza dzalani mvula itakhazikika, m'mbali mwa zigwa momwe muli chinyontho komanso zitsamba zotchinga mphepo. Mbande yake ikapsa siidzukanso, choncho njira zotchinga moto zilambulidwe udzu usanaumitsitse, cha mu May kapena June. Ndalama ya ntchito imeneyi muipatuliretu pa matabwa oyamba kugulitsidwa, ocheka asanatsike phiri.