Ndingadziwe bwanji zomwe osunga penshoni yanga amanong'oneza boma?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ku Leeds, ndipo penshoni yanga ili ndi kampani ina yomwe kabuku kake kadzaza zithunzi za mitengo ndi malonjezo osamalira chilengedwe. Nditawafunsa zomwe amauza nduna pa malamulo a kusintha kwa nyengo, anangonditumiziranso kabuku komweko.

Kaundula wa lamulo la 2014 kuno ku Britain amalemba okhawo olembedwa ganyu yonyengerera boma, antchito a kampaniyo salowamo. Kuonjezera apo, mabanki a JPMorgan ndi HSBC anatuluka mu Net-Zero Banking Alliance, mgwirizano wa mabanki omwe analonjeza kuchepetsa mpweya wosintha nyengo, mu 2025. Kwathu ndi ku Phalombe, komwe namondwe wa Freddy anatisiya manja ali m'khosi mu 2023, ndiye nkhaniyi imandikhudza.

Alipo amene anagwiritsapo ntchito malipoti a InfluenceMap, bungwe lofufuza momwe makampani amanyengerera boma pa nkhani za nyengo? Kapena ndilembere ma trustee, anthu oyang'anira thumba la penshoniyo?