Buleki ya disiki yakutsogolo ikukwecha, ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi njinga imene achimwene anandibweretsera kuchokera ku Joni, mabuleki ake ndi a disiki a Shimano, oyendera mafuta osati waya. Loweruka ndinapita nayo ku Zomba kukatsetsereka msewu wa ku Chawe. Pobwerera ku Blantyre kondakitala anati siikwana m'minibasi, ndiye tinachotsa tayala lakutsogolo n'kuipanikiza kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata. Kunyumba tayala linakana kulowa, ndinachita kulikankha. Chiyambire pamenepo ikungolira kuti shii, shii, ndipo tayala ndikalizunguza ndi dzanja limaima lisanazungulire kawiri. Bambo amene amakonza njinga za kabaza pamsika wathu ati athirepo oilo phokoso lithe. Ndawakaniza kaye. Zida ndili nazo ndi ma Allen key, shifitingi ndi pulayala basi.

Mayi wina wa ku Mzuzu: Mwachita bwino kuwakaniza, achimwene. Mapadi, aja amapana disiki mukafinya buleki, amamwa oilo ngati chinkhupule, akamwa ndiye kutaya basi. Phokoso likanathadi, koma buleki ikanathera pomwepo.

Wokonza njinga wa ku Lilongwe: Musanamasule kanthu, mvetserani kaye. Kodi ikukwecha mosalekeza, kapena pamalo amodzi tayala likazungulira?

Mwini funso: Mosalekeza bambo, koma pali malo amodzi pamene imalira kwambiri.

Wokonza njinga wa ku Lilongwe: Ndiye mavuto ndi awiri, ndipo onse abadwira m'minibasimo. Buleki ya mafuta imadzisintha yokha: mapadi akamatha, mapisitoni amene amawakankha amasendera kunja pang'onopang'ono ndipo sabwerera kumene anachokera. Thumba lina linapanikiza chogwirira cha buleki disiki kulibe, mapisitoni anatuluka, mpata unachepa. N'chifukwa chake tayala linakana kulowa.

Chotsaninso tayalalo, mutulutse mapadi muwaike papepala loyera, osawagwira kumaso ndi zala zagirizi. Kankhirani mapisitoni onse awiri mkati mpaka alingane ndi thupi la kalipa, kabokosi kaja mokhala mapadi. Gwiritsani kapulasitiki kochotsera matayala kaja, sukuludilaivala ayi, chifukwa mapisitoni ena a Shimano ndi a ceramic, amasweka ngati kapu yadothi. Mukabwezera mapadi, imikani njinga pansi, muitsamire kuti ekiselo ikhale mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kenako mutseke quick release, kachogwirira komangira tayala kaja. Ambiri amatseka njinga ili chagada, tayala n'kukhala chopendekeka pang'ono, n'kumavutika sabata yonse ndi kalipa yosalakwa. Finyani buleki kangapo mpaka ilimbe. Ikamakwechabe, masulani pang'ono mabawuti awiri ogwira kalipa, Allen key yake ndi ya 5mm. Finyani buleki osataya, n'kumamanga mabawutiwo mosinthanasinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono. Mukamangiratu limodzi, kalipa imapotoka n'kubwerera pomwe inali.

Mnyamata wa kabaza wa ku Dedza: Inu mukuvutikiranji? Yanga ndi ya ndodo, ndimanyamula matumba awiri a chimanga, ikavuta mwala ndi sipanala zatha. Gulitsani mugule yathuyi, bwana.

Mwini funso: Mphwanga, ukadzatsika ku Chawe kukugwa mvula ndi ya ndodoyo udzandiuze.

Wina wokhala ku Cape Town: Za malo amodzi olira kwambiriwo, disiki yapindika, mwina anaitsamiritsa katundu. Ikani pepala loyera pansi, muyang'ane kudzera mu kalipa uku mukuzunguza tayala pang'onopang'ono. Muona pamene kuwala kukutsekeka, ndi mbali imene disiki ikugunda. Lembani pamenepo ndi maka, muzunguze patuluke mu kalipa, mupukute bwinobwino kukamwa kwa shifitingi, muimange igwire disiki, n'kupindira mbali inayo. Pang'ono kwambiri, ngati mukuwongola supuni. Mukakoka mwamphamvu mupanga phiri lina. Onaninso mabawuti 6 a disikiyo ngati ili ya mabawuti, amafuna Torx T25, Allen key imangowawononga mitu.

Bambo wina: Mwina mafuta achepa. Thiranimo brake fluid wa galimoto, amapezeka paliponse.

Wokonza njinga wa ku Lilongwe: Ayi bambo, chonde. Shimano imafuna mineral oil. Wa galimoto uja ndi DOT, amatupitsa timalabala tamkati, buleki yonse n'kufa. Komanso kukwecha si chizindikiro cha kuchepa kwa mafuta. Akachepa kapena mukalowa mpweya, chogwirira chimafewa n'kufika pahandulo.

Mayi wina wa ku Mzuzu: Poti mapadi mwatulutsa kale, ayang'aneni. Nyama yake ikatsala pansi pa 0.5mm ndi osintha. Disiki nayo ili ndi malire, pa za Shimano amalemba pomwepo kuti 1.5mm. Mukatha zonse ipukuteni ndi spirit pa kansalu koyera, palafini ayi. Ulendo wina wa minibasi pindani kakatoni mukalowetse pakati pa mapadi.

Mwini funso: Ndabwerako, akuluakulu. Mapisitoni anatulukadi, lina kuposa linzake. Ndawabweza, ndakhazika tayala njinga ili pansi, kukwecha kosalekeza kwatha ndisanakhudze n'komwe mabawuti a kalipa. Disiki ndaiwongola katatu, kwatsala kaphokoso kakang'ono kamene ndimakamva pokhota pokha. Koma ndikagwira tayala n'kuligwedeza cham'mbali, likumveka kakhwekhwe pa habu, pakati pa tayala. Kodi n'zogwirizana?

Wokonza njinga wa ku Lilongwe: N'zimenezo. Mabelingi akhwepa, tayala likupendama pokhota, disiki n'kugunda padi. Ngati habu yanu ili ya makoni, manati aja opanikiza mabelingi, mufunika masipanala opyapyala aja, shifitingi silowa. Imeneyo pitani nayo kwa bambo a pamsika aja, makoni amawadziwa kuposa tonsefe. Muwauze girizi athire mu habu mokha, ndipo disiki muikutire ndi jumbo asanayambe.