Pomwe yafika nkhani ya mwana wa aneba uja

Mwezi watha ndinafunsa chochita ndi mwana wa aneba, wazaka 9, yemwe amayi ake omupeza ankamumenya ndi kumumana chakudya. Ambiri munati ndiimbe 116, nambala yaulere ya Tithandizane yomwe amayendetsa a YONECO, bungwe loona za achinyamata ndi ana. Ndinaimbadi, zikomo.

Nkhaniyo anaipereka ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu m'boma lathu. Mlangizi woteteza ana anabwera, anacheza ndi mwanayo payekha, kenako anapita naye ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ndi kuchipatala kukapimidwa.

Mlangiziyo anachedwa kufika, koma sindingamudzudzule. Yekhayo akuyang'anira midzi yambirimbiri, njinga yamoto ya ofesi ilibe mafuta, ndipo tsikulo kabaza analipira ndi ndalama za m'thumba mwake. Lamulo la 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana limalola kuchotsa mwana pakhomo pomwe akuzunzidwa, koma kokamusiya ndiye vuto. Malo osungirako ana otere ndi ochepa, n'chifukwa chake amayamba afunafuna wachibale wodalirika.

Panopa mwanayo ali kwa azakhali ake ndipo wayambiranso sukulu. Nkhani ya amayi aja ikadali kupolisi, pomwe bambo a mwanayo akuumirirabe kuti kunali kumulanga chabe.